Ndasenda mochi ngati chilazi

Lachisanu, ku Nuaija, kuno kudziko la eni. Kunja kwatentha ngati ng'anjo, koma mtima wanga uli mbee.

Lero ndinali pa ofu, ndiye ndagula mochi kushopu, timibulu ta ayisikilimu wa chilazi, wamtundu wa pepo. Kwathu ku Machinga chilazi sitidya ndi makoko, choncho ndakhala pansi n'kuyamba kusenda. Ayisikilimu yense chuchuchu m'zala.

Liza, Mfilipino amene ndimakhala naye nyumba imodzi komanso kugwira naye ntchito, waseka mpaka kugwira khoma. "Iwe Asiyatu, khoko ukutayalo ndiye mochiyo. Yalla, tiye luma!"

Kambulu kachiwiri ndangokaluma osasenda. Kunja n'kotamuka ngati chingamu, m'kati kuzizira mpaka m'mano, kukoma kwake ngati mbatata yothira mkaka. Alhamdulillah.

Mufiriji mwatsala kamodzi. Ndimati ndimusungire Liza, koma mmene wandisekera muja...