Wokweza madzi phiri akufuna mwana wanga

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndiye pano ndikungolankhula, akulemba ndi mnzanga wa kutchalitchi. Koma pa za madzi musandiderere. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinkatsegula ndi kutseka ngalande m'minda ya nzimbe, ndipo palibe mzere unaumapo m'manja mwanga.

Mwana wanga Meaza ndi namwino, woyamba pamtundu pathu. Mwezi watha anagulira mayi ake makina otsuka mbale. Mumsewu wathu wonse tili nawo ndife tokha, moti azimayi amabwera ngati odzamwa khofi, maso ali kukhitchini. Amene anadzalumikiza makinawo ndi Dereje, wokonza mapaipi, yemwenso akufuna kukwatira Meazayo. Lamulungu likubwerali akuluakulu akwawo akudzapempha, ndipo woyankha ndine.

Dereje atachoka tsikulo, ndinagwada kuti ndione ntchito yake. Paipi yofewa yotaya madzi a m'makina anaikweza m'kabati mpaka kumtunda, n'kuimangirira kunsi kwa thabwa la sinki, kenako n'kuitsitsanso. Phiri lenileni. Nditamuimbira anangoti, "Bambo, isiyeni choncho, imafunika kutero." Chifukwa chake sananene, akuti anali padenga la eni ake. Ine mumtima ndinati, madzi anayamba liti kukwera phiri? Ndinaimasula n'kuigoneka pansi bwinobwino. Linali Lolemba. Ayi, Lachiwiri, lembani Lachiwiri.

Chiyambire pamenepo, akatsuka mapoto m'sinki, madzi ofiira ndi tsabola timakawapeza m'makina, batala akuyandama, fungo losaneneka. Lachisanu, tsiku losala nyama ndi mkaka, mkazi wanga Askale ananunkhiza mbale n'kuikankha. Amvekere, "A katswiri a madzi, minda munaitha, khitchini imodzi yakukanikani?" Kenako anauza Meaza kuti bwenzi lakelo ndi la manja oipa. Mwanayo tsopano wasiya kudya nafe. Zoti ndinagwirako paipiyo sindinauze munthu, poti ine ndinangokonza basi. Kapena... ayi, ndinakonza.

Tsono munthu wolephera paipi imodzi angasunge mwana wanga? Akuluakuluwo ndiwabweze? Mnyamatayo ulemu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Nanga makinawa ndiwatani?

B.T., Adama

Bambo B.T.,

Mwalera mwana wokumbukira manja a mayi ake, nyadirani ndithu. Ndipo za madzi mukunena zoona, amafuna kotsetsereka. Koma ganizani ngati muli kumunda. Sinki ili pamwamba, makina ali pansi, ndipo paipi ya makina imakalowa m'paipi ya sinki. Madzi a mapoto akachedwa kutuluka, ngalande yotseguka yoloza kumunsi ndi iti? Ndi yomwe munaigoneka ija. Phiri la Dereje linali mzere wotchinga madzi. Makina ali ndi pampu, amakankha madzi awo n'kuwoloka, pamene a m'sinki alibe chowakankha. Mnyamatayo anachita bwino. Wolakwitsa ndinu, ndipo ndikuona kuti mwayamba kale kudzikayikira.

Zimitsani makina, zulani pulagi. Kwezaninso paipiyo mpaka igunde kunsi kwa thabwa, muimange zolimba pamenepo, ikhote mozungulira osati kupindika. Polowera pake pakhale pamwamba pa kapaipi kokhota kosunga madzi kunsi kwa sinki. Kapaipi kameneko mukamasule n'kukatsuka, chifukwa madzi obwerera chonchi amasonyezanso kuti katsekeka. Batala ndi zotsalira za khofi ndizo zimatseka, choncho zisamathiridwenso m'sinki. Mukatero tsukani sefa ya pansi m'makina, muwayendetse opanda mbale, pa madzi otentha, ndi kapu ya viniga.

Zonsezi mungazithe nokha, koma ine ndikuti muitane Dereje lisanafike Lamulungu, mugwire naye limodzi. Mumuuze mayi Askale ndi Meaza ali pomwepo kuti munamasula ndinu. Iyenso ali ndi kake kolakwa. Munthu wamkulu akafunsa chifukwa, samangouzidwa kuti siyani choncho, ndipo mumuuze zimenezo. Muonetsetse mmene alandirire mawu awiriwa. Akakusekani, mwaphunzirapo kanthu. Akagwada nanu m'kabatimo n'kukulongosolerani modekha, mwaphunziraponso. Yankho la akuluakulu lichokere pamenepo ndi pa zimene Meaza mwini wake akufuna.

Chenjezo langa ndi ili: musakonze mwakachetechete kuti nkhani ingozirala. Madzi adzayera, inde, koma mlandu udzatsala pamutu pa munthu wosalakwa, ndipo mayi Askale adzamuona ngati wa manja oipa mpaka kalekale. Paipi imamangidwa tsiku limodzi. Mwana wamkazi akazindikira kuti bambo ake anakhala chete mnzake akunamiziridwa, kuti abwererenso pa mbale yanu ya injera, buledi wodyera limodzi uja, zimatenga zaka.

Aphungu