Nyumba Imene Amayi Amasesa

Wokondedwa Mzime,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Nanga alamu anga ndi kamwana akudzuka bwanji? Kuno tilipo. Mapasa akukula ngati tikuwathira feteleza, alamu ako akadali ku fakitale konkuja. Amayi thupi lili bwino, koma mutu ndi umene ukunka nuthawa.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati ndilibe foni. Ndimakudziwa iwe. Ndikanangotchula dzina limene lili m'munsimu, ukananamizira netiweki n'kundidula. Pepala sungalidule, ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Amayi ayamba kuzemba. M'mawa ndikangotembenuka kuti ndiveke ana yunifolomu, ndimapeza tsache palibe, iwonso palibe. Amapita kunyumba yathu yakale ija, imene malemu bambo anagulitsa ntchito itawathera. Msewu waukulu wa malole uja amaoloka okha, tsache kukhwapa, osayang'ana uku kapena uku.

Akafika amasesa bwalo lonse, n'kumanga kansanza pa mpopi wapanja, umene mpaka lero ukudonthabe. Chitseko cha kukhitchini, chofuna kuchinyamula ndi phazi chija, amachitsekula kamodzi n'kamodzi, pomwe anamwino amene akuchita lendi m'menemo amalimbana nacho tsiku ndi tsiku. Anamwinowo ndi munthu wabwino mtima, amawapatsa tiyi n'kundiimbira foni. Akuti kumeneko Amayi sabalalika. Amaimba, amadziwa pokhala chilichonse. Kwanga kuno amandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Sabata yatha anamwino anali kuntchito, geti lokhoma. Amayi anazungulira mpanda kufunafuna polowera mpaka anasochera. Amene anawapeza ndi atelala a pakona paja, atakhala m'ngalande pafupi ndi siteji ya minibasi, nsapato imodzi palibe. Mzime, kuyambira tsiku limenelo chakudya sichitsika. Galimoto ikangoliza mabuleki kunja, mtima wanga uli m'mwamba. Ndikuopa, mwana wa amayi.

Tsopano nyumbayo ikugulitsidwa. Abambo amene anaigula kwa ife anamwalira, ndipo ana awo atatu akufuna agawane zawo. Ine ndi alamu ako tinathamangira kubanki, tinaphatikiza zonse zimene tinali nazo, zinakwana ndendende osatsala ndi ya mchere yomwe. Tinati tisamukiremo, Amayi azidzuka m'nyumba imene amaidziwa, asamaolokenso msewu.

Ndiye kwagwa nkhani ya msonkho. Munthu ukagula nyumba, pali msonkho umene umalipira kuti dzina la mwini lisinthidwe pa mapepala. Kuyambira mwezi wamawa akuukweza kwa ogula nyumba zimene munakhalamo kale anthu, koma ogula zatsopano sizikuwakhudza. Ndinafunsa loya wathu kuti nyumba yodontha mpopi yalakwa chiyani kuposa yatsopano. Anangoseka, akuti malamulo sapanga ndi iye. Kenako anandifotokozera bwinobwino. Mwezi uno ukatha tisanasayinirane, msonkhowo sitingaukwanitse, ngakhale titagulitsa firiji ndi mipando yonse.

Komanso pali wina akungodikira ngati khwangwala, mwini sitolo ya simenti uja. Iye msonkho saumva kuwawa. Wanena poyera kuti akufuna malo okha, nyumbayo aigwetsa amangepo mosungira katundu. Tangoganiza Amayi atafika ndi tsache lawo n'kupeza mulu wa njerwa.

Mwa ana atatuwo, awiri asayina kale. Watsala mmodzi, ndipo akukhala mumzinda wako womwewo. Ndi Magalasi.

Eya, ndamutchula. Pumira kaye.

Ndikudziwa kuti anakulanda mtsikana mphete uli nayo kale m'thumba. Ndikudziwanso kuti iwe unamutsatira pa tsiku la ukwati wake n'kumuswera magalasi pamaso pa anthu, mpaka zithunzi zonse anajambulitsa akutsinzina. Ine ndemwe ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma mlandu suola. Magalasiyo foni yanga sayankha. Mlongo wake atamuchonderera, akuti iye sakukana kusayina, koma mapepalawo abwere nawo pamanja munthu amene anamuswera magalasi, alowe m'nyumba mwake, akhale pampando, apemphe ndi pakamwa pake.

Ndinapsa mtima, ndinamutukwana chamumtima mpaka makolo ake osalakwa. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene tamva m'mimba ndi ife.

Sindikukupempha ndalama. Ikanakhala ndalama ukanatumiza lero lomwe, chifukwa iwe kupereka n'kosavuta kusiyana ndi kunena kuti pepani. Unatengera bambo. Ndikukupempha upite. Mapepala ali mu envelopu yomweyi. Pamene pali chizindikiro cha pensulo ndi pamene asayine, pamaso pa loya wa kumeneko, kenako uwatumize msanga.

Akakunyoza, meza malovu. Akaseka, seka naye. Mkazi wake akakupatsa madzi, landira umwe, usamuyang'ane ngati wakuba. Manja ako akhale m'thumba, wamva? Ndipo alamu anga uwauze zonse usananyamuke, asadzamvere kwa anthu kuti wapita kunyumba kwa chibwenzi chakale. Mlandu umodzi watikwanira.

Usandiuze kuti uganizire kaye. Mwezi watsala pang'ono, ndipo ku ofesi ya malo mzere ukuyambira kunja kwa geti, aliyense akuthawa msonkho womwewu. Ine ndikhoza kuima pamzerewo tsiku lonse, koma kwa Magalasi sindingakuimire.

Dzulo masana ndinapita kukawatenga Amayi kunyumba yakale ija. Ndinawapeza atakhala pa sitepe ya khonde, tsache pambali, maso ali kugeti. Nditati tiyeni kunyumba, anandiyang'ana ngati mlendo, n'kundiuza mwaulemu kuti nditsogole, iwo sangachoke. Akuti, "Mzime wanga sanabwere kusukulu. Akapeza pokhoma, alowera kuti?"

Ine amene ndimawasambitsa anandiiwala. Iwe sanakuiwale, akukudikira pakhonde. Sindikudandaula, ndangoti udziwe.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga. Mapasa akuti amalume akamabwera asaiwale mpira. Mulungu akusunge, akuyendetse bwino, ndipo akufewetseko khosi.

Ndine mlongo wako,
Amake mapasa