Jenereta ya Pansanja

Lolemba, 9 Juni 2025

Mwera tsiku lonse. M'mawa kunsanja ya netiweki: mabatire atopa, jenereta ili bwino. Nkhani ija yatsimikizika. Lumikiza, kampani yathu, ikuphatikizana ndi Veltra ya ku Joni. Ati kuphatikizana. Kumezedwa basi. Veltra ikalowa, nsanja imapereka kwa makontirakita. Amisiri ngati ine, kwathu ku Dedza kukalima mbatata. Mwana wanga Lisa ali Fomu 3. Mtima suli m'malo.

Lachitatu, 11 Juni

Alick, mkulu wa yuniyoni yathu ku Mzuzu, waimba. Sitalaka kuyambira Lolemba mpaka eni masheya atavota pa 19. Palibe wogwira sipanala. Ndavomera ndi mtima wonse.

Masana kusitolo kwa mayi Zondiwe, mpunga wa ku Limphasa. Kani banki mkhonde yawo inagula masheya a Lumikiza kalekale. Aphunzitsi opuma ndi akulu ampingo ena alinso nawo. Onse akukana kuphatikizanako. Adzavota pafoni, m'holo ya tchalitchi. "Ada Bester, netiweki yanuyo isadzatichititse manyazi." Ndangoseka.

Lachiwiri, 17 Juni

Sitalaka. Kuchapa, kugona. Manja akuyabwa.

Lachinayi, 19 Juni

Magetsi anathima mbandakucha. Mabatire aja sanafike ndi teni koloko yomwe. Chintheche yense zii. Voti yotseka masana.

Mayi Zondiwe pakhomo panga, thukuta kamukamu, foni m'manja. Sanakalipe. "Ife tikukanira inu nomwe, ada. Nanga tivotera pati?"

Kufunsa Alick kosatheka, netiweki palibe. Ndinatenga makiyi, ulendo kunsanja. Jenereta inalira kamodzin'kamodzi. M'holo anavota onse, kuthandizana kudina. Ndikudziwa chimene ndachita. Manyazi ndilibe, koma chakudya chakanika kulowa.

Lachisanu, 20 Juni

Taluza. Mabanki ndi makampani a penshoni, eni masheya ambiri, anavomera. Mavoti a kuno kadontho chabe. Pagulu la WhatsApp la yuniyoni andichotsa. Alick sakuyankha. Mayi Zondiwe abweretsa usipa m'mbale, "yewo", n'kumapita.

Lolemba, 14 Julayi

Bwana watsopano waimba. Mawu ozuna. Amisiri onse a kumpoto ntchito itha mwezi uno, ndi Alick yemwe. Kupatula mmodzi. Ati makompyuta awo akuonetsa kuti sabata ya sitalaka, nsanja imodzi yokha ndiyo inafikidwa ndi mmisiri. "Anthu okhulupirika ngati inu ndi amene tikufuna."

Ndinati zikomo. Pakamwa panayankha pokha. Zandinyansa.

Lisa sukulu siima. Mawa ndikasaine mapepala a ntchitoyo. Nambala ya Alick ndayiyang'ana mpaka maso kuwawa. Ndimuimbire asanamve kwa ena. Koma ndikamuuze kuti chiyani?