Zitseko za Makutu

Lachiwiri, 4 Marichi

Magetsi abwera mochedwa. Mwamwayi kwa mabwana, kunja kwa dziko, kunali kusanache, palibe wadziwa kuti ndachedwa kuyamba ntchito.

Mapulani a nyumba yosungiramo okalamba, zipinda 42. Wajambula ndi Makutu, wondiyang'anira, ine ndingowongola. Chaka chachitatu ichi ndikusesa m'mbuyo mwa munthu amene sindinamugwirepo chanza. Ndimangomuona pa kompyuta: tayi, mano, ndi makutu aja ngati zogwirira za poto.

Masana zinthu zalakwika. Tili pamsonkhano, Amayi alowa m'chipinda muno. Ndinaiwala kukhoma. Anali atangosamba kumene, thaulo lili m'manja osati m'thupi, akufunsa ngati Bambo aweruka. Bambo anatisiya zaka 9 zapitazo. Kamera ili chiyakire. Ndathimitsa, ndawaveka, ndawakhazika pabalaza. Pobwerera, Makutu akuti, "Usadandaule, zimachitika." Ndamuthokoza.

Lachinayi, 6 Marichi

Wamagalasi, mtsikana wa ku ofesi kwawoko, wandilembera pambali. "Ndaona kuti ndi bwino udziwe." Kanema wa masekondi 11. Makutu anajambula zonse. Waikamo nyimbo yovina, wabwereza katatu pamene Amayi akutembenuka. Waponya pagulu lawo la aku ofesi, limene ife akutali sitilimo. Anthu 14 aikapo kankhope koseka.

Amayi anga. Anaphunzitsa sukulu zaka 31, sanatulukepo pakhomo ndi diresi losasita.

Ndatseka kompyuta.

Ndipo ine ndinamuthokoza galu ameneyu.

Lachisanu, 7 Marichi

Achemwali anabwera ndi mankhwala a Amayi. Ndawaonetsa. Alira, kenako akuti, "Mng'ono wanga, meza. Ntchito ngati iyi sungaipezenso, mankhwalawa tigula ndi chiyani?" Akunena zoona. N'chifukwa chake zikuwawa.

Sindimeza. Ndalembera a ofesi yoona za ogwira ntchito.

Lolemba, 10 Marichi

Ayankha. Mizere itatu. Akuti alankhula naye, akuti ndi munthu wanthabwala, sankafuna kulakwira aliyense. Makutu naye watumiza kake: "Ngati wina anakhumudwa, pepani." Wina. Pansi pake wandikumbutsa kuti mapulani akufunika Lachisanu.

Ndayankha kuti chabwino bwana. Ndaikapo ndi kankhope komwetulira. Ndikuphunzira kwa iye.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mulungu sagona.

Tsamba 17. Zitseko za mabafa onse wazipatsa masentimita 70. Njinga ya olumala imafuna 90. M'nyumba ya okalamba! Mabafa 42, palibe ngakhale limodzi limene gogo wa panjinga angalowemo. Ndayeza, ndayezanso. Dzanja linali litapita kale kuti likonze, mwachizolowezi. Ndalibweza, ndalikhalira.

Ndakonza zina zonse. Mawindo, mipope, ngakhale malembo amene analakwitsa. Tsamba 17 ndalisiya mmene analiberekera mwini wake.

Lachinayi, 13 Marichi

Makutu walengeza kuti Lachitatu likudzali adzaonetsa yekha mapulaniwa kwa eni nyumbayo, Mwini kampani alinso pomwepo. Pakona pamene pamakhala maina a ojambula wafufuta langa. Akuti makasitomala amasokonezeka akaona maina ambiri. Ndati mwaganiza bwino bwana. Likhale dzina lake lokha, zilembo zikuluzikulu.

Amayi lero andifunsa kuti ndine mwana wa yani. Kenako anditchula dzina la mng'ono wawo. Adya bwino koma.

Lamlungu, 16 Marichi

Mtima ukundivuta. Okalamba 42 aja sanandilakwire. Ndi amayi a anthu ena.

Ndaganiza. Nyumbayo simangidwa ndi zitseko zimenezo, ine ndili moyo. Ndidzanena. Koma osati kumbali, osati m'kakalata koti iye akonze mwakachetechete n'kulandira kuwomba m'manja. Anaonetsa Amayi kwa anthu 14. Nayenso aonekere pagulu.

Ndakhala ndikuyeserera mawu anga pagalasi la kubafa. Ofatsa. Ngati a mwana wasukulu.

Lachitatu, 19 Marichi

Zachitika!

Ndinakhoma chitseko, Achemwali anakhala ndi Amayi. Ndinavala bulauzi yoyera. Anthu 20 pamsonkhano. Makutu ndi tayi yatsopano, pakamwa mbee, mphindi 40 akudzitama. Anafika mpaka ponena kuti pofuna kupulumutsa nthawi, zitseko zonse anaitanitsa kale kufakitale. Izi sindinkazidziwa. Ndinaluma chala kuti ndisaseke.

Atafunsa ngati pali funso, ndinakweza dzanja. Ndinati pepani, mwina ndine amene sindikumvetsa, koma kodi njinga ya olumala idzalowa bwanji pa masentimita 70?



Makutu anatsegula tsamba 17 iye mwini, aliyense akuona. Anayamba kunena kuti ndi kompyuta, kenako kuti ndi ine. Mwini kampani anangomufunsa kuti dzina lili pakonapo ndi la yani. Mayi wina wamkulu wa kwa eni nyumbayo, woyang'anira okalamba, anavula magalasi n'kuti, "Ndiye agogo anga azikasamba pakhonde?"

Makutu aja anafiira ngati awotchedwa ndi simbi.

Madzulo ndinagula keke. Amayi adya zidutswa ziwiri, osadziwa chimene tikusangalalira. Ndinawauza kuti munthu wina wagwa. Akuti, "Ayi pepani, wavulala?" Ndati kwambiri, Amayi.

Lachisanu, 21 Marichi

Mwini kampani wandiimbira yekha, koyamba m'zaka zitatu. Ndinkayesa akufuna kundithokoza.

Kompyuta yawo imasunga zonse. Akuti tsamba 17 ndinalitsegula pa 11 Marichi, ndinayeza chitseko chomwecho kasanu ndi kamodzi. Zitseko anaziitanitsa pa 14. "Ukanalankhula tsiku lomwelo, tikanapulumutsa zonsezi. Unadziwa?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Ndati inde, ndinadziwa. Ndawatumizira kanema uja tili pa foni pomwepo. Sanali atauonapo, a ofesi ija anangoukwirira. Anautsegula, ine ndikumva nyimbo ija ikulira kumbali kwawo. Akuti, "Awa ndi mayi ako?" Ndati ndi amene anandibereka.

Akuti andiuza Lolemba.

Lolemba, 24 Marichi

Makutu wachotsedwa. Inenso.

Kalata yaulemu, yodzaza ndi pepani. Akuti zimene anandichitira n'zonyansa, koma kampani singasunge munthu woona vuto n'kukhala chete. Pofika 9 koloko nambala yanga yachinsinsi inali itasiya kugwira. Zaka zitatu, kuthimitsidwa ngati babu.

Achemwali sanakalipe. Angofunsa kuti, "Wakhuta tsopano?" Ndati eya. Andiyang'ana, nane ndawayang'ana. Mankhwala alipo a milungu isanu.

Ndafunafuna mumtima ngati muli chisoni. Muli mantha, ambiri ndithu. Chisoni mulibe.

Lachinayi, 27 Marichi

Makalata ofunsira ntchito asanu ndi atatu, yankho palibe.

Wamagalasi akuti ku ofesi kwavuta. Kukulitsa zitseko kwasuntha makoma, makoma asuntha mipope, ndipo palibe amene akudziwa mmene mipopeyo inayendera, poti ndinaiyala ndine. Eni nyumba apereka mpaka mawa, apo ayi apita kukampani ina.

Chakumasana foni yayamba kulira. Nambala yakunja. Mwini kampani. Yalira, yasiya. Yaliranso. Uthenga: "Chonde tilankhulane, n'zofulumira."

Ndidzayankha. Nyumba ija iyenera kumangidwa bwino, ndipo nafenso tiyenera kudya. Koma pano ndikuwenga Amayi zikhadabo pakhonde, akundiimbira kanyimbo kamene ankaphunzitsa ana a kalasi yoyamba. Ikuliranso, kachinayi.

Zatsala zala zisanu ndi ziwiri. Adikire.