Manambala Anga M'kamwa mwa a Vern

Lamlungu, 19 Novembala

Tagonjanso, 17 kwa 13. Kachinayi motsatizana.

Inatsala yadi imodzi kuti tigoletse, ndi mwayi umodzi womaliza. Yadi imodzi. Tebulo la kukhitchini kwanga ndi lalitali kuposa pamenepo. Brandvold, kochi amene amasankha zoti anyamata achite mpira ukakhala wathu, walamula kuti auponye m'mwamba wina auwakhe, m'malo mothamanga nawo m'manja. Mpira wagwera pa udzu. Amuna anga a Vern aimirira, avula chipewa, achiyang'ana, achivalanso. "Ngakhale mwana wa zaka zisanu akudziwa kuti pamenepa umangothamanga nawo." Anena kanayi tisanafike pa galimoto. Zaka 41 m'banja, lero ndi pamene ndadziwa kuti amalemekeza maganizo a ana.

M'galimoto, wailesi. Oimba foni onse ndi makochi. Wina woyendetsa lole, wina wokonza mapaipi, wina akuti ali pa bedi kuchipatala koma mtima sunamulole kukhala chete. Mawu amodzi: achotsedwe.

Ine maganizo ali pa mkamwini. Terrell, mwamuna wa mwana wathu Kendra, amagwira ntchito pansi pa Brandvold yemweyo. Amadula mavidiyo, amalemba makadi, m'sitediyamu monse palibe amene amadziwa dzina lake. Wamutsatira bwana wakeyo mizinda itatu. Uno ndi woyamba umene Kendra ali pafupi nane: mphindi 12 pa galimoto, 15 kukagwa chipale. Mdzukulu wanga Josie amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Yangokwana miyezi 15 chisamukireni kuno.

Lolemba, 20 Novembala

Kuzizira. Makina otenthetsa nyumba akulira ngati mphaka. Wokonza abwera Lachitatu. Mtengo sananene, ndiye kuti ndi woopsa.

Msonkhano wa akatswiri m'galaja mwathu masana onse. A Vern ndi anzawo awiri, a Stosh ndi a Butch. Onse opuma pa ntchito. Mawondo asanu ndi limodzi, abwino awiri. Agwirizana zosonkha ndalama kuti Lamlungu kandege kazungulire sitediyamu kakukoka nsalu yolembedwa kuti Brandvold achoke, timu izithamanga ndi mpira.

Ndawapititsira khofi. Ndawakumbutsanso kuti zaka zitatu zapitazo, m'galaja momwemo, pa mipando yomweyo, ankafuna kochi wakale achotsedwe chifukwa sankaponya. A Stosh: "Zija zinali zina, alamu." Zina bwanji? Akuti sindingamvetse chifukwa sindinasewerepo. A Stosh anasewera chaka chimodzi kusekondale, pa benchi. Buku la zithunzi za sukuluyo la chaka chimenecho ndinaliika ndekha pa shelufu ku laibulale kumene ndinkagwira ntchito.

Atapita ndawauza a Vern mosabisa. Kochi akachotsedwa sapita yekha, amasesa ndi anthu ake omwe. Ulendo watha, mwa othandizira asanu ndi mmodzi anatsala mmodzi, ndipo ameneyo anali mphwake wa mwini timu. "Aa, iwe Lorraine, Terrell ndi mwana wabwino, aliyense akudziwa." Ndawapempha anditchulire anthu atatu mwa aliyenseyo. Apita kukatsuka makapu, chinthu chimene sachita.

Lachitatu, 22 Novembala

Ndinafuna kuwatseka pakamwa ndi manambala. Masiku awiri ndikuonera masewera onse khumi amene tinajambula, pensulo m'manja, magalasi pamphuno.

Ikatsala yadi imodzi kapena awiri: maulendo 23. Taponya maulendo 17, zatheka 5. Tathamanga maulendo 6, zatheka 5.

Ndawerenganso kawiri. Zomwezo.

A Vern akunena zoona. Munthu amene amakhulupirira kuti timu imapambana iwo akakhala kumanzere kwa sofa atavala masokosi osachapa. Zaka makumi atatu ku laibulale ndikuphunzitsa anthu kuti asakonde yankho asanaone umboni. Sindinawauzeko zochita umboni ukakhala kumbali ya amuna awo.

Pepalalo ndalibisa m'buku la maphikidwe. Limenelo sanalitsegulepo chikwatirane.

Wa makina uja wabwera, wagogoda, wapukusa mutu. Mphatso za Khirisimasi zichepa chaka chino.

Lachinayi, 23 Novembala

Tsiku Lothokoza, tchuthi chimene banja lonse limadyera pamodzi. Lamulo langa: pa tebulo pasamveke za mpira. Lapirira mpaka podula nkhukundembo.

Terrell anamupatsa maola awiri okha opuma kuntchito. Waonda, maso ofiira. A Vern atenga mchere, tsabola ndi mabanzi atatu, andanda pa nsalu yanga ya alendo. "Taona kuno mwana wanga. Uyu akankhe apa, uyu adutse apa, basi. Ukamuuze bwana wakoyo, sindimulipiritsa." Kendra: "Adadi, banzi limenelo ndi la Josie." Josie wadya wosewera wa kumanja.

Terrell wangomwetulira. Potsuka mbale, awiriwiri, wandiuza chapansipansi. Zimphona ziwiri za kutsogolo, zimene zimakankha adani kuti wothamanga apeze mpata, zinavulala kumayambiriro kwa Okutobala. Zikusewerabe, wina phewa lobayidwa jakisoni, wina bondo lomangidwa. "Sangakankhe ngakhale kangolo ka m'sitolo, Amayi. Koma kukula kwa vutolo tikakuulula, adani athu azingomenya pomwepo. Ndiye a Brandvold amangomeza matembererowo." Kenako: "Zithere m'khitchini muno."

Atapita ndabwerera ku zolemba zanga. Maulendo asanu othamanga amene anatheka aja, onse a mu Seputembala. Wachisanu ndi chimodzi, wolephera, wa mu Okutobala. Zitatero Brandvold anasiya kuwathamangitsa. Ndinaphatikiza manambala osayang'ana madeti. Ine. Wophunzira atandibweretsera ntchito yotere ndikanamubweza nayo.

Ndatsegula buku la maphikidwe kuti ndikonze pepala lija. Mulibe. Masana Kendra anatuma abambo ake kuti amuonere mphindi za maungu mu uvuni.

Lachisanu, 24 Novembala

Nthawi ya 9:40 m'mawa. Ine ndi Josie tikujambula akavalo, wailesi ikulankhula yokha. Woulutsa akuti pa foni pali Vern wa kutsidya kwa mtsinje.

"Mkazi wanga wagwira ku laibulale zaka makumi atatu, sanalakwitsepo nambala. Mverani izi: 17 pa 23." Awerenga pepala lonse, pang'onopang'ono, ngati uthenga wa m'tchalitchi. Woulutsa: "Mayi amenewo ndiwo apatsidwe ntchitoyo." Josie: "Agogo alowa m'wailesi." Anali m'galaja, mayadi khumi kuchoka pamene tinali.

Sanandiyamikirepo pagulu. Asankha lero.

Ndawauza kuti manambalawo ndi osakwanira. "Ndi olakwika?" Ayi. "Ndiye vuto lili pati?" Vuto sindingalitchule. Za phewa ndi bondo zikafika kwa a Vern zafika kwa a Stosh, zikafika kwa a Stosh zafika pa wailesi, ndipo ku timu sangavutike kudziwa khitchini imene zachokera. Ndikalankhula, Terrell achotsedwa mawa. Ndikakhala chete, mwina mwezi wamawa. Ndasankha mwina.

Pofika masana wolemba zamasewera m'nyuzipepala anali atabwereza 17 pa 23 ngati wawerenga yekha. Kendra pobwera kudzatenga mwana sanavule jekete. Pakhomo: "Homuweki mwaigwira bwino, Amayi."

Lamlungu, 26 Novembala

Kandege kabwera masewera asanayambe, kazungulira kasanu pamwamba pa utsi wa masoseji pamalo oimika magalimoto. Anthu kuwomba m'manja ngati nkhondo yatha. A Butch misozi mbwe, munthu amene pa ukwati wa mwana wake ankafunsa zigoli. Alendo atatu abwera kudzandigwira chanza. Mmodzi wapempha kuti ajambulitse nane. Ndati ndili ndi chimfine.

Gawo lomaliza, tatsalira ndi mapointi anayi, mpira uli pa yadi imodzi, tili ndi maulendo anayi athunthu oyesa. Athamanga. Palibe. Athamanganso. Palibe. Kachitatu abwezedwa m'mbuyo. Anthu onse maso pa mpira, ine maso pa nambala 68, chimphona cha phewa chija: dzanja lamanzere lili lende, akukankha ndi limodzi. Kachinayi athamanganso. Kaya Brandvold wamvera nsalu, kaya wauzidwa ndi akuluakulu, kaya wangofuna kuti tione tokha. Sindikudziwa, ndipo zimene sindikudziwa sindilemba ngati ndikudziwa. Ndaphunzira mochedwa.

A Stosh, mitsempha ya pakhosi ili tang'a: "Sitediyamu yonse ikudziwa kuti athamanga! Bwanji osaponya, chitsiru iwe?" Munthu amene anasonkhera ndege ya m'mawa womwewu. Ndawayang'ana. Sanaone chachilendo chilichonse.

20 kwa 16.

A Vern pobwerera: "Maganizo anali abwino, kungoti sadziwa kuthamangitsa kwake."

Lachiwiri, 28 Novembala

Brandvold anachotsedwa dzulo masana. Chikalata cha timu mizere inayi, zikomo ziwiri.

Mumsewu mahutala. A Stosh ndi a Butch anafika ndi mowa nthawi isanakwane 2 koloko, akukangana kale za amene alowe m'malo. A Stosh akufuna woponya. A Vern anandipsompsona pachipumi pamaso pa anzawo. "Tachita tonse izi, ine ndi iwe." Ndinafunafuna cholakwika m'mawu amenewo. Sindinachipeze.

Lero Josie sanabwere. Mapensulo ake ndinali nditasongola kale.

Kendra waimba 4 koloko, wafuna abambo ake, osati ine. Ndamva mbali imodzi yokha. "Eya, mwanawe... Koma iye walakwa chiyani?... Wanena ndani zimenezo?... Makatoni? Alipo, m'chipinda chapansi... Onse?" Aika foni mosamala ngati dzira. Akhala pa mpando wa kukhitchini, manja pa mawondo. Ndinali ndi ziganizo zitatu zokonzeka, zonse zoona, chimodzi chabwino kwambiri. Ndawapatsa tiyi.

Panopa ali pansi, ndikuwamva akukoka makatoni a msamuko imodziimodzi, akupumira pa sitepe iliyonse. Sanandipemphe kuti ndiwathandize.

Othandizira onse aitanidwa mawa m'mawa, aliyense mphindi khumi. Terrell 8:20. Amuuza kuti abweretse kompyuta ya timu ndi khadi lotsegulira chitseko.