Mawu a malemu bambo atsekeka m'kompyuta

Aphungu,

Ndine mlembi pa ofesi ya mpingo kufupi ndi Madisi. Bambo anga, a Yeremiya, anakhala m'ndende nthawi ya chipani chimodzi, ndipo atatuluka sananenepo kanthu, ngakhale kwa amayi. Zipani zitachuluka, tsiku lina anatulukira ku ofesi pa njinga nati, "Mwana wanga, makina akowa amasunga mawu? Khala pansi ulembe."

Ankabwera Loweruka lililonse, iwo akulankhula, ine ndikutaipa. Anatchula anzawo amene anafera m'manja mwawo, ndi midzi yawo ya kumapiri a Ntchisi, kuti abale awo adzadziwe. Bambo anatisiya mwezi watha. Papepala palibe chilichonse, poti pulinta inalibe inki.

Lolemba nditayatsa kompyuta, inayamba kulira kuti tche, tche, tche. Nkhaniyo inatseguka pang'ono, kenako zilembo zinasanduka timabokosi. Ndinaitana munthu woti adzaione kompyutayo. A Gregorio, okonza mawailesi pamsika, anaimenya m'mbali n'kunena kuti, "Chimbale cha m'kati chikufa ichi. Tingochifomata, iyambirenso." Nditafunsa za mawu a bambo, anangoti, "Amenewo ndiye apita."

Ndakhala ndikuiyatsa ndi kuizimitsa, mwina isintha maganizo. Amayi sindinawauze. Aphungu, kodi bambo ndawaika m'manda kawiri?

R.Y., Madisi

Okondedwa R.Y.,

Pepani ndi imfa ya bambo. Kalata yanu yandiimitsa mutu, makamaka zoti makinawo amenyedwa. Zulani chingwe kukhoma lero lomwe. Kulira kuja n'chizindikiro choti kasingano kowerenga kakukanda chimbale, ndipo mukayatsa ndiye kuti mukuwonjezera bala.

A Gregorio athokozeni, koma asaikhudzenso. Kufomata n'kusesa m'nyumba monse, ndi mawu a bambo omwe.

Pemphani chilolezo kwa abusa, mukulunge bokosi lonse la kompyutayo m'bulangete, mupite nalo kwa katswiri wa makompyuta ku Lilongwe. Muliike pamiyendo, osati kumbuyo kwa matola m'mabampu a msewu wanuwo. Muuzeni kuti simukufuna kukonzetsa makina, mukufuna nkhani imodzi yokha. Iye akhoza kulumikiza chimbalecho ku kompyuta ina n'kukopera zimene zatsala. Zikatuluka, zisungeni pa madisiketi awiri, musindikizenso papepala musanachoke.

Sindikulonjezani kuti zonse zibwerera. N'chifukwa chake musadikire katswiri: tengani cholembera, mulembe dzina lililonse ndi mudzi uliwonse umene mukukumbukira. Mawuwo asanalowe m'makina analowa m'makutu mwanu. Amayi auzeninso, mwina maina ena amawadziwa, ngakhale sanauzidwe.

Chenjezo langa ndi ili: katswiri akamatsegula nkhaniyo, mukhale pambali pake. M'nkhanimo muli maina a anthu amene abale awo akuyang'anabe kumsewu. Asamve za imfa zimenezi kwa munthu wapamsika. Adzamve kwa inu, mutakhala pamphasa pakhomo pawo.

Aphungu