Kalavani ya Bambo a Da-som

Bucheon,
15 Okutobala, 2023.

Okondedwa achemwali anga a Jeom-sun,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Uiseong pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tilipo. Mwana wathu Da-som ali kusukulu ku Daejeon, amaimba foni akafuna kanthu. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu ndi phwete, pamene nkhaniyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto, poti kumapetoko kuli pempho.

Alamu anu a Pil-gu anagula kalavani. Chipumireni pantchito ya kubanki ankangokhalira kuonera pafoni anthu akuwotcha nyama m'mbali mwa mitsinje. Tsiku lina mu Julayi ndikuchokera kumsika ndinangopeza kanyumba koyera ka matayala awiri kataima poimika magalimoto pamdadada wathu. Ogulitsa anadzakasiya n'kumapita. Eni ake ali chilili pambali, manja m'chiuno, ngati akamanga okha.

"Mayi a Da-som, moyo wayamba lero," anatero.

Ine ndinati, "Ndiye zaka makumi atatu zonsezi tinali pamaliro?"

Sabata yoyamba anagula nyali zisanu ndi imodzi, mipando yopinda, kachigayo ka khofi kopukusa ndi manja, kapeti ya maluwamaluwa, ndi chipewa chotambalala chimene amavala ngakhale m'chikepe. Analowanso gulu la eni makalavani, amuna a mimba zawo amene aliyense ali ndi langizo la nyali yabwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati galimoto yathu ili ndi chitsulo chokolekerapo ngolo. Inalibe. Alamu anuwo anazizindikira atagwada kumbuyo kwa galimoto, akupapasa pansi pake, ine ndikuwaonera pakhonde la m'mwamba.

Chitsulo chitaikidwa panabwera mwambo wodalitsa galimoto yatsopano. Anaitanitsa mutu wa nkhumba, anamangirira nsomba youma ndi ulusi woyera pakhomo la kalavani, anathira mowa wa mpunga pa matayala, n'kugunditsa mphumi pansi katatu kupempha kuti isadzachite ngozi pamsewu. Pemphero lawo linamveka ndithu, chifukwa miyezi itatu inatha kalavani isanauone n'komwe msewuwo.

Vuto lake ndi laisensi. Kalavaniyi ndi yaing'ono, koma kulemera kwake kumafuna laisensi yokokera ngolo, ndipo munthu wa mabuku uja walephera mayeso kanayi, konseko pobweza ngolo m'mbuyo. Koyamba akuti ngolo yoyesera inali yopindika. Kachiwiri woyesa anali wankhanza. Kachitatu dzuwa linawathobwa m'maso. Kachinayi anangofika n'kugona ndi masokosi. Koma kugulu kuja anauza anzawo kuti anakhoza ulendo woyamba, choncho panalibenso wokamupempha thandizo.

Nthawi yonseyi kanyumbako kankadya malo a magalimoto awiri, anthu akaweruka n'kumazungulira kusowa poima. Mayi Bang, wapampando wa komiti ya pamdadada, anamatapo chikalata chachikasu: ichoke pofika Loweruka 12 koloko masana, apo ayi aitana odzaikoka, ndipo dzina la mwini wake likhomedwa m'chikepe kuti aliyense awerenge.

Apa ndiye ndiulule zanga. Iwo atalephera kachitatu, ine ndinakalembetsa mayeso omwewo, kunyumba n'kunena kuti ndikupita kosambira ndi amayi anzanga. Ndinakhoza ulendo umodzi, mpaka woyesa anandifunsa ngati ndimayendetsa malole. Mukukumbukira kathirakitala ka bambo, ngolo itadzaza adyo, ine wa zaka khumi ndi zitatu ndikuilowetsa chafutambuyo pa kachipata kaja ka mosungira adyo? Bambo ali kumbuyo kukuwa kuti, "Usayang'ane chiwongolero, yang'ana matako a ngolo." Manja sanaiwale, achemwali. Laisensiyo ndinaibisa m'kabati ya ziwiya, malo amene amuna anga sanatsegulepo chikwatirane.

Mukudziwa chifukwa chake ndinabisa. Awa ndi anthu amene tsiku lokandionetsa kwa amayi awo anandinong'oneza kuti ndisambenso m'manja, mukumveka adyo. Kwa anzawo a kubanki bambo athu ankatchulidwa kuti amalonda a zokolola, mawu oti mlimi ankawatsamwa. Galimoto ankandilola kuyendetsa yopita kumsika basi. Ndiye sindinama, ndinali nditatsimikiza kukhala chete kuti odzaikoka aja aitenge ine ndikumwa tiyi pakhonde. Ndinkafuna kuona nkhope yawo.

Dzulo Loweruka, cha m'ma 11, anavala chipewa chija n'kunena kuti aikoka okha, ngakhale alibe laisensi, popeza bwalo la lendi loiimikapo limene anapeza kuseri kwa mafakitale si kutali. Anthu anali mbwee m'makonde, Mayi Bang atapinda manja. Potulukira pake pamafuna kubweza kaye m'mbuyo. Anapotokola chiwongolero kumanja, kalavani inathawira kumanzere. Anapotokolanso mwamphamvu, inapindika n'kudzagundana ndi nthiti za galimoto, kutseka njira yonse, kumbuyo kwake kutatsala chikhatho chimodzi kuti ipale galimoto ya Mayi Bang.

Sindinatsike chifukwa cha chisoni, musandiyese woyera mtima. Chinandipweteka ndi mmene ankazunzira chiwongolero. Ndinagogoda pagalasi.

"Tulukani."

"Mayi a Da-som, izi si za kukhitchini. Bwererani m'mwamba, anthu akuona."

"Anthu akuona kale. Tulukani musanaphwanye galimoto ya eni ake, apolisi n'kukufunsani pepala limene mulibe."

Ndinawaika laisensi yanga pamphuno. Anaiwerenga kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka anatsika. Ndinasendeza mpando, ndinapita patsogolo pang'ono kuti iwongoke, n'kuibweza kamodzi kokha mpaka inayang'ana kuchipata. M'makonde anawomba m'manja. Galasi linali lotsitsa, ndiye ndinamva bwinobwino alamu anu akuuza Mayi Bang kuti, "Ndinawaphunzitsa ndine. Akazi amagwira msanga ukawalezera mtima."

Mayi Bang anangondiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso, ndipo anakamatula chikalata chawo.

Panjira anakhala kumpando wa okwera, chipewa pamiyendo. Titadutsa maloboti atatu ndi pamene anafunsa kuti, "Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kumunda wa adyo, kwa bambo anga."

Ndinadikira, achemwali. Sindikudziwa chimene ndinkadikira, mwina zikomo, mwina kungoseka limodzi. Iwo anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Chabwino, koma kugulu kuja musakanene zimenezo."

Sindinakwiye n'komwe. Ndinangowapenya m'mbali, munthu wa imvi amene wagula nyali zisanu ndi imodzi koma sanamuonepo mkazi amene amadya naye mbale imodzi, ndipo ndinamva kunyansidwa kumene ndakhala ndikukumeza zaka zonsezi.

Pempho langa ndi ili. Mundilambulire malo kuseri kwa mosungira adyo, pamene pankaima kathirakitala paja. Pa 28 ndikubwera ndi kalavani kudzakuthandizani kubzala, bondo lanulo lipumeko. Chipinda musakonze, ndizidzagona momwemo. Mundibwereke chabe chingwe cha magetsi chachitali, paipi ya madzi ndi timatabwa tiwiri tochirikizira matayala, zimene munthu wogula kalavani amafunikira koma m'nyumba muno mulibe. Nyali, chigayo ndi chipewa ndawasiyira eni ake. Za tsiku lobwerera musandifunse, chifukwa nanenso sindikulidziwa.

M'mawa uno anandifunsa kuti, "Nanga ine?" Ndawauza kuti mpando wa okwera ulipo, koma wokhalapoyo tikafika akagwada pamanda a bambo monga anagwadira mutu wa nkhumba, n'kunena ndi pakamwa pake amene anandiphunzitsa. Pamene ndikulemba pano ali pabalaza, akupukuta nyali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asagwetse kachipata kaja, ndikufuna kulowerapo. Kumanda kwa bambo mundidikire, tikapite limodzi. Mowa wokathira pamanda pawo ndibweretsa ndine, ndipo ndikawauza ndekha kuti ndinakhoza.

Ndine mng'ono wanu wonunkha adyo,
Mal-suk.